Masamu ndi Sayansi M'nkhalango: Mafunso ndi Mayankho

Funso: Ana athu ambiri amaphunzira kale pansi pa mitengo chifukwa cha kuchepa kwa makalasi. Chatsopano n'chiyani?

Yankho: Amaphunziradi, koma mtengowo umangopereka mthunzi, maso onse ali pa bolodi lotsamira thunthu lake. Chimene tikufuna n'chakuti mtengo womwewo ukhale phunziro: ana augwire, auyeze, afunse chifukwa chake uli chomwecho. Ku Denmark sukulu za m'nkhalango zinayamba cha m'ma 1950. Kwathu kuno sizilira ndalama, chifukwa nkhalango ya m'mudzi kapena kamunda ka mitengo ka pasukulu n'kokwanira.

Funso: Masamu angapezeke bwanji m'tchire?

Yankho: Funsani ana a Sitandade 7 kuti mtengo wa mbawa uwo ndi wautali bwanji, popanda woukwera. Adzayamba kukangana, ndipo musawadule msanga. Kenako zikani ndodo yotalika mita imodzi padzuwa, ana ayeze mthunzi wake. Ukakhala mamita 2, pamene mthunzi wa mbawa ndi mamita 16, ndiye kuti mbawayo ndi mamita 8. Madzulo ayezenso. Mithunzi idzakhala itasintha, koma yankho lidzatuluka lomwelo, ndipo nkhope za ana pa nthawi imeneyi zimasangalatsa kuziona.

Pa chitsa chodulidwa ndi sowo, azungulize luzi n'kuliyeza, ayezenso kupingasa kwa chitsacho, agawe kutalika kwa luzilo ndi kupingasako. Chitsa chachikulu ndi chaching'ono zonse zidzapereka 3 ndi kanthu kakang'ono. Mwana amene wadzipezera yekha zimenezi sadzaona 22/7 ngati nambala yongoloweza.

Funso: Nanga sayansi?

Yankho: M'mawa mangani jumbo yoonekera mkati pa kanthambi ka masamba aawisi. Pofika masana mudzakhala timadontho ta madzi. Madziwo achokera kuti, mvula isanagwe? Asiyeni ana alondole okha, kuchokera ku masamba, kutsika thunthu, mpaka ku mizu.

Nthawi ya dzinja afunseni chifukwa chimene amayi amakazula bowa pansi pa misuku ndi miombo osati m'munda wa chimanga. Bowa wotere amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengoyi: amauthandiza mtengo kupeza madzi ndi michere ya m'nthaka, mtengowo n'kumamupatsa chakudya. N'chifukwa chake makala akamaliza nkhalango, ndiwo imeneyi imasowa. Ana a kufupi ndi Dzalanyama zimenezi amaziona ndi maso.

Funso: Kodi si zoopsa kupita ndi ana kutchire?

Yankho: Ngozi zilipo: njoka, njuchi, chitedze ndi bowa wakupha. Mphunzitsi ayambe wayendera malowo dzulo lake, ndipo apite ndi makolo awiri kapena atatu odziwa tchirelo. Lamulo likhale lakuti palibe kulawa kanthu kapena kupisa dzanja kuuna. Pemphani chilolezo kwa amfumu, kapena ku ofesi ya zankhalango ngati ili nkhalango ya boma. Msitu wa kumanda ndi wa kudambwe, ngakhale mitengo yake ikongole chotani, musalowemo ndi ana.

Funso: Kalasi langa lili ndi ana oposa 100. Ndingathe?

Yankho: Mungathe, koma osati onse pa mtengo umodzi. Agaweni m'magulu a ana khumi, gulu lililonse ndi mtengo wake, luzi lake ndi kope limodzi lolembamo zimene apeza. Mukabwerera m'kalasi, gulu lililonse lilembe manambala ake pa bolodi, ndipo pamene mayankho asiyana, mawa lake akayezenso.