Konzani Thupi Musanatsikire ku Nyanja

Uthenga wa zaumoyo kwa mabanja a mumzinda wa Mzuzu

Ku Mzuzu kulibe nyanja, koma makomo ambiri kuno amadyera kunyanja. Ku Chibavi, Zolozolo, Chiputula ndi Mchengautuwa kuli abambo ndi anyamata omwe amatsikira ku Nkhata Bay, Chintheche kapena Usisya kukagwira ntchito m'maboti ndi m'mabwato. Kuli amayi opikula usipa omwe amadumpha m'boti ndi mabeseni awo, komanso ana asukulu opita kwawo ku Likoma ndi Chizumulu pa sitima ya Ilala.

Kuchoka mumzinda muno kukafika padoko la Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50 okha, koma nyengo yake ndi ina. Mzuzu ali pamtunda wopitirira mamita 1,200, pomwe nyanja ili pansi, posafika mamita 500. Munthu wozolowera chisanu ndi nkhungu ya kuno akafika kumeneko amakumana ndi dzuwa loswa mtengo, thukuta losatha ndi ntchito yofuna mphamvu usiku wonse. Mphamvu zimenezo sizipezekera m'bwato. Zimakonzedwa pakhomo, ulendo usanayambe.

Ntchito ya panyanja imafuna chiyani m'thupi?

- Mtima ndi mapapo opirira, kuti mupalase nthawi yaitali osapuma mwawefuwefu.
- Mapewa ndi manja olimba pogwira nkhafi, pokoka chilimira, ndi pokweza thanga pa maboti oyendera mphepo ngati omwe amawoloka pakati pa Likoma ndi gombe la Mozambique.
- Msana ndi mimba zolimba ponyamula injini, zigubu za mafuta ndi ukonde wonyowa.
- Miyendo yodziwa kukhazikika boti likamagwedezeka.
- Luso losambira. Ana ambiri okulira kumapiri kuno sanaphunzirepo.

Yambani masabata 6 ulendo usanafike

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kugwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiponso kulimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Simukusowa zida zogula.

1. Yendani mwandawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata. Zitunda za Mzuzu ndi bwalo lokwanira. M'malo mokwera kabaza tsiku lililonse, pitani kumsika wapansi, kapena palasani nokha njinga. Muziyenda mofulumira mpaka thukuta, koma muzikhozabe kulankhula.
2. Gonani chafufumimba, kwezani thupi ndi manja, tsikani pang'onopang'ono. Yambani ndi kasanu, muzionjezera sabata iliyonse.
3. Thirani madzi m'chigubu cha malita 5. Weramani pang'ono msana uli wowongoka, kokerani chigubucho m'chiuno ka 10 dzanja lililonse. Minofu yomwe ikugwira ntchito apa ndi yomwe imakoka ukonde.
4. Nyonyomalani ndi kudzuka ka 15. Kenako imani ndi mwendo umodzi n'kuwerenga mpaka 30, musinthe mwendo. Izi zimaphunzitsa miyendo kukhazikika pa mafunde.
5. Tsamirani pa zigongono ndi zala za kumapazi, thupi lili lowongoka ngati thabwa, n'kuwerenga mpaka 20. Zimalimbitsa mimba ndi msana.

Musayambe ndi zambiri tsiku limodzi. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Kuwawa pang'ono kwa minofu m'masiku oyamba n'kosadetsa nkhawa, koma mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, lekani pomwepo mupite kuchipatala.

Ponyamula katundu, pindani mawondo, katunduyo akhale pafupi ndi thupi. Injini musanyamule nokha. Msana ukathyoka ndi katundu, banja lonse limagona ndi njala.

Kayezetseni musananyamuke

Pitani ku chipatala chaching'ono cha Mapale, ku St John's kapena chipatala chilichonse chapafupi, kapena funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu.

- Kuthamanga kwa magazi: nthawi zambiri sikupweteka. Muyezo ukamafika 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza, mukufunika thandizo.
- Shuga: munthu wa shuga angakomoke ali pamadzi akadumphitsa chakudya. Aziyenda ndi chakudya komanso kanthu kotsekemera.
- Khunyu: kugwa m'madzi chifukwa cha khunyu kumapha msanga. Wodwala khunyu asamakwere bwato yekha, asamadumphitse mankhwala, ndipo anzake a m'boti adziwe.
- Chotupa cha m'mphechepeche chomwe chimatuluka mukanyamula katundu: kachionetseni chisanakule.
- HIV: dziwani mmene mulili. Ngati mumamwa ma ARV, tengani okwanira masiku onse a ulendo, muwasunge m'kabotolo kosalowa madzi. Makondomu musawasiye.

Matenda awiri omwe amaba mphamvu mwakachetechete

Likodzo limachokera ku tizilombo tomwe timakhala mu nkhono za m'madzi, makamaka m'mphepete momwe muli bango ndi udzu. Tizilomboto timaboola khungu munthu akamasamba, kuchapa kapena kukoka bwato. Chizindikiro chodziwika ndi magazi mu mkodzo, koma ena amangomva kufooka ndi kuchepa magazi. Mankhwala ake ndi praziquantel, amamwedwa mutadya, ndipo amapezeka m'zipatala za boma. Aliyense wobwera kuchokera kunyanja auze adokotala kuti adalowa m'madzi. Musakodze kapena kuchita chimbudzi m'nyanja, chifukwa ndi momwe mazira a likodzo amabwererera ku nkhono.

Malungo nawo ndi ochuluka kugombe kuposa kuno kozizira. Tengani neti yanu, mugonemo usiku uliwonse, ngakhale masana ngati mwachezera panyanja. Neti ya udzudzu si yophera nsomba. Thupi likatentha, kayezetseni magazi tsiku lomwelo ku chipatala cha Nkhata Bay kapena china chapafupi.

Chakudya, madzi ndi tulo

Kondowole kapena nsima yokha ndi usipa sizikwanira. Idyani kuchokera m'magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Nthochi, mtedza ndi mbatata yophika zimanyamulika bwino m'boti.

Imwani madzi musanamve ludzu. Mkodzo ukada ngati tiyi, thupi lauma. Madzi a m'nyanja awiritseni kapena thiranimo mankhwala a klorini, chifukwa kolera amakonda madoko. Paketi ya Thanzi ORS isasowe m'chikwama.

Asodzi a usipa amachezera ndi nyali usiku wonse. Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola 7 kapena kuposa, choncho masana gonani pamthunzi, osati kubawo kapena kumowa. Watulo ndi woledzera ndi amodzi pamadzi: onse amachedwa kuona funde. Mowa ndi chamba sizionjezera mphamvu kapena kulimba mtima, zimangobisa kutopa.

Ngakhale wamphamvu amamira

Kumpoto kwa Nkhata Bay nyanja ndi yakuya mamita pafupifupi 700. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya mwera imaomba kuchokera kummwera n'kuutsa mafunde aakulu, ndipo nthawi ya mvula namondwe amadza modzidzimutsa. Mverani chenjezo la a zanyengo pawailesi. Akati mwera ukubwera, khalani kumtunda.

- Valani jekete yoyandamitsa m'madzi, ndipo imangeni bwino. Ana avale yoyenera msinkhu wawo.
- Boti likadzaza mopyola muyezo, dikirani lina.
- Bwato likagubuduka, ligwireni, musalisiye. Gombe limaoneka pafupi koma lili kutali.
- Mnzanu akagwera m'madzi, mponyereni chingwe kapena chigubu chotseka chopanda kanthu, kapena mtambasulireni nkhafi. Womira amakoka aliyense womuyandikira.
- Wofuna kuphunzira kusambira aphunzire pamadzi ofika m'chiuno, pamchenga, masana, pali wamkulu wodziwa kusambira komanso wodziwa malo a ng'ona.
- Mukamva mseru, yang'anani kumapiri kapena komwe madzi athera, ndipo musakwere ndi mimba yodzaza zamafuta.

Ntchito ya otsala pakhomo

Amayi, abambo, agogo: musanatsanzike wapaulendo, mufunseni mafunso asanu awa. Kodi mwayezetsa? Mankhwala anu mwatenga? Neti ili m'chikwama? Jekete yoyandamitsa ilipo? Mukwera boti la yani, ndipo mubwera liti? Mwana wosakwana zaka 18 malo ake ndi kusukulu, osati kokoka chilimira usiku.

Ikani kapepala aka pakhoma pomwe aliyense angawerenge. Mawa m'mawa, chifunga chisanachoke, dzutsanani muyende limodzi mphindi 30 zoyamba.