Kachotsedwe ka Zitsa ndi Makina Ochekera Mitengo Mosamala Tcheni

M'dera la Mfumu Yaikulu Mavwere m'boma la Mchinji, kumene alimi amadalira fodya, mtedza, soya ndi chimanga, zitsa za bulugamu ndi malaina zotsala anthu akadula mitengo yomangira zigafa zimasokoneza mizere ndiponso zimathyola makasu a ng'ombe. Alimi ena amabwereka makina ochekera mitengo oyendera petulo kuti azichotse, koma makinawa anawapangira mtengo, osati dothi, ndipo mano a tcheni, yomwe ndi unyolo wozungulira pa chitsulo chachitali chotchedwa bala, amabuntha m'kanthawi kochepa akakhudza mchenga. N'chifukwa chake ntchito ya m'dothi iyenera kusiyiridwa khasu, piki ndi nkhwangwa.

Choyamba, mlimi asankhe zitsa zoyenera kuchotsa. Za mitengo yachilengedwe, monga msangu ndi muwanga, ndi bwino kuzisiya, chifukwa zimaphukiranso n'kukhala mitengo yopindulitsa munda. Mitengo ya m'nkhalango zotetezedwa siyenera kukhudzidwa popanda chilolezo, malinga ndi Lamulo la Zankhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020.

Chachiwiri, akumbe mozungulira chitsa mpaka mizu ikuluikulu ionekere ndipo pansi pake pakhale mpata, ntchito yomwe imapepuka mu Epulo ndi Meyi nthaka isanaume. Akatero asende khungwa ndi nkhwangwa pamalo pamene padzadutse tcheni, n'kutsukapo ndi madzi. Chitsa chakale achigogode kaye, pakuti chiswe chimalowetsa dothi m'kati mwake, moti kunja chimaoneka chabwinobwino pamene m'kati mwadzaza dothi louma lomwe limamaliza mano onse nthawi imodzi.

Chachitatu, acheke mizu yokhayo yomwe yalekana ndi nthaka, ataika thabwa pansi pake kuti bala isagwere m'dothi, ndipo yotsalayo aidule ndi nkhwangwa. Nsonga ya bala isagunde kanthu, chifukwa ikatero makina amadumphira kumaso kwa wocheka mwadzidzidzi; pa chifukwachi awagwire ndi manja awiri, avale magalasi, zotseka m'makutu ndi nsapato zolimba, ndipo ana akhale patali. Chitsa chotalika pafupifupi mita 1 asachifupikitse, popeza kutalikako n'kumene kumathandiza pochigwedeza mpaka chizuke.

Chachinayi, ayang'anitsitse utuchi. Tcheni yakuthwa imatulutsa tizibenthu tokhuthala, pamene yobuntha imatulutsa fumbi losalala ngati ufa, imafuna kukanikizidwa ndipo imatenthetsa bala mpaka kufuka. Zikatero azimitse makina n'kunola dzino lililonse ndi tupa yobulungira, mopendeka madigiri pafupifupi 30 ndiponso mofanana mbali zonse, kuti makina asamacheke mokhota. Mwini makina wanzeru amasunga tcheni yakale yoti izigwira ntchito ya zitsa yokha.

Chachisanu, asamale mafuta. Makina a Stihl ndi Husqvarna amafuna mamililita 100 a oyilo wopangidwira injini za makinawa pa malita 5 a petulo, ndipo thanki ya oyilo wa tcheni idzazidwe nthawi iliyonse pamene petulo akuthiridwa. Oyilo wakuda wochotsedwa m'galimoto sayenera kuthiridwa m'thankiyi, chifukwa amakhala ndi tizitsulo todya bala ndi pampu ya oyilo.

Pomaliza, akwirire dzenje ndi kulitsendera, ayeretse sefa ya mpweya ndi ngalande ya bala, atembenuze balayo kuti izitha mofanana mbali zonse, kenaka akhwefule tcheni pang'ono makina asanasungidwe.