N'chifukwa chiyani ndege imapitirira msewu wake ikatera pa mvula?

Kwa anzathu a ku Area 25 ndi ku Mgona si zachilendo kuona ndege ikutsika kulowera cha ku Lumbadzi, komwe kuli bwalo la ndege la Kamuzu International Airport. Ambirife timati matayala akangogunda pansi ndiye kuti ulendo watha, basi anthu afika. Koma kwa woyendetsa ndege pamakhala patatsala ntchito yaikulu: kuimitsa chimakina cholemera matani 60, chimene chikuthamanga makilomita pafupifupi 250 pa ola, msewu wake usanathe. Kukakhala kouma ntchitoyi siivuta kwenikweni. Mvula ikagwa nkhani imasintha.

Musaganize kuti izi n'zakutali. Pa 9 February 1989, m'katikati mwa dzinja, ndege ya Boeing 737 ya kampani ya LAM ya ku Mozambique inapitirira msewu wake potera ku Lichinga, m'chigawo cha Niassa, tsidya lina la nyanja yathuyi. Munali anthu oposa 100. Palibe anamwalira, koma ndegeyo inaonongeka moti sinaulukenso. Lero tiona chimene chimachititsa ngozi zotere, ndipo tigwiritsa ntchito physics yomwe mukuphunzira kale ku Fomu 3 ndi Fomu 4.

Mphamvu imene iyenera kutha

Chinthu chilichonse choyenda chili ndi kinetic energy, ndipo fomyula yake mukuidziwa: KE = ½mv². Titenge ndege yolemera makilogalamu 60,000 yotera pa liwiro la mamita 70 pa sekondi.

KE = ½ × 60,000 × 70 × 70 = majoule 147,000,000

Mphamvu yonseyi iyenera kutha kuti ndege iime, ndipo yambiri imasanduka kutentha m'mabuleki. Tsono taonani v uja: ali ndi square. Liwiro likangokwera kuchoka pa 70 kufika pa 77, komwe n'kuwonjeza magawo 10 pa 100 alionse, mphamvu imakwera ndi magawo 21 pa 100 alionse. Kuwonjeza liwiro pang'ono kumadya msewu wambiri.

Pa ife pano palinso china. Bwalo la Kamuzu lili pamalo okwera mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. Pamalo okwera mpweya umakhala wopepuka, ndipo kukatentha umapepukiratu. Kuti mapiko anyamule kulemera komweko mumpweya wopepuka, ndege iyenera kuthamanga kwambiri. Choncho ndege yotera ku Lilongwe imagunda pansi ili pa liwiro lokulirapo kuposa ikamatera ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe mabwalo a pamalo okwera amafunika msewu wautali, ndipo wa ku Kamuzu ndi wopitirira makilomita atatu.

Zinthu zitatu zoimitsa ndege

Choyamba ndi mabuleki a m'matayala. Awa ndiwo amagwira ntchito yaikulu, koma amadalira friction ya pakati pa tayala ndi tala. Tayala likapanda kugwira pansi, mabuleki ngakhale akhale atsopano alibe ntchito.

Chachiwiri ndi ma spoiler, timalata timene timadzuka pamwamba pa mapiko ndege ikangotera. Mapiko saleka okha kunyamula ndege. Ngakhale matayala ali pansi, mapikowo amakhala akuikokerabe m'mwamba. Ma spoiler amasokoneza mpweya wodutsa pa mapiko, ndiye kulemera konse kwa ndege kumakhala pa matayala. Kumbukirani kuti friction imakula chinthu chikakanikiza pansi kwambiri. Popanda ma spoiler, tayala limangokhudza tala m'malo moikanikiza.

Chachitatu ndi reverse thrust. Injini siizungulira chobwerera ayi, koma zitseko zina zimatseguka n'kulozetsa mpweya wake kutsogolo. Phokoso lalikulu limene limamveka ndege ikangotera ndi limeneli. Ubwino wake ndi wakuti siidalira matayala, choncho pa msewu woterera imathandiza kwambiri, makamaka ndege ikadali pa liwiro lalikulu.

Madzi akalowa pansi pa tayala

Tayala loyenda pamadzi liyenera kukankhira madziwo kumbali kuti likhudze tala. Likamayenda pang'onopang'ono madzi amapeza nthawi yothawa. Liwiro likakula madzi amaunjikana kutsogolo kwa tayala, kenako n'kulowa pansi pake n'kulinyamula. Pamenepo ndege ikuyenda pamwamba pa madzi, osati pa tala. Izi zimatchedwa aquaplaning, ena amati hydroplaning. Madzi ake safunika kukhala a m'mawondo ngati aja amasefukira m'misewu ya ku Kawale ngalande zikatsekeka ndi mapepala a pulasitiki. Akangopitirira mamilimita atatu, a zandege amautenga msewuwo kuti ndi woopsa.

Mu 1963 katswiri wa bungwe la NASA ku America, Walter Horne, ndi mnzake anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo pa nkhaniyi. Anapeza kuti liwiro limene tayala limayambira kuyandama limadalira mpweya umene mwapopera m'tayalamo:

liwiro mu ma knot = 9 × square root ya mpweya wa m'tayala mu psi

Knot imodzi ndi makilomita 1.85 pa ola. Tayala la ndege ngati Boeing 737 limapopedwa pafupifupi 200 psi. Square root ya 200 ndi 14.1, kuchulukitsa ndi 9 tipeza ma knot 127, omwe ndi makilomita pafupifupi 235 pa ola. Mwaonatu vuto lake? Ndege yathu ija ikutera pa 250, pamwamba pa malire amenewa. Madzi akakhala atadikha pamsewu, masekondi oyambirira ndiwo oopsa kwambiri.

Tiyese ndi v² = u² + 2as. Manambala awa ndi ongophunzirira. Tinene kuti pouma liwiro la ndege likutsika ndi mamita 3 pa sekondi, sekondi iliyonse. Mtunda woimira ukhala 4,900 ÷ 6, pafupifupi mamita 817. Madzi akadula friction ndi theka, mtunda ukhala 4,900 ÷ 3, pafupifupi mamita 1,633. Ndege yomweyo, liwiro lomwelo, koma msewu wofunika wawirikiza kawiri.

Ngozi zinayi, maphunziro anayi

Mvula payokha siigwetsa ndege kawirikawiri. Ndege zikwizikwi zimatera bwinobwino pa mvula. Ngozi imabwera madzi akakumana ndi cholakwika china.

Pa 2 August 2005 ndege ya Air France ya mtundu wa Airbus A340 inatera ku Toronto, m'dziko la Canada, kukugwa mvula yamabingu. Msewu unali wa mamita pafupifupi 2,740, koma matayala anakagunda pansi atadutsa kale mamita oposa 1,100. Reverse thrust nayo inachedwa ndi masekondi oposa 12. Ndegeyo inakagwera m'chigwa n'kuyaka moto, koma anthu onse 309 anatuluka amoyo. Apa tiphunzirepo za kutera mochedwa: pa mamita 70 pa sekondi, kungoyandama m'mwamba masekondi asanu ndiye kuti mwataya mamita 350.

Pa 17 July 2007 ndege ya TAM ya mtundu wa Airbus A320 inatera pa bwalo la Congonhas mumzinda wa São Paulo ku Brazil. Msewu wake unali wa mamita 1,940 okha, unali wonyowa, ndipo anali atangouthira tala watsopano koma asanadulemo timingalande tochotsa madzi. Reverse thrust ya injini yakumanja inali yotsekedwa chifukwa inali ndi vuto. Potera, chogwirira cha injini imeneyo chinatsala pamalo opatsa moto. Injini imodzi inkakankha kutsogolo, inayo kumbuyo, ndipo ma spoiler sanadzuke. Ndegeyo inadumpha msewu wa magalimoto n'kukawomba nyumba. Anthu onse 187 a m'ndegemo anamwalira, pamodzi ndi ena 12 amene anali pansi. Bwaloli lazunguliridwa ndi nyumba za mumzinda, choncho panalibe malo oti ndege ikathere liwiro.

Pa 7 December 2009 ndege ya SA Airlink ya mtundu wa Embraer 135, yochokera ku Cape Town, inatera pa mvula ku George m'dziko la South Africa. Inathyola mpanda n'kukaima pamsewu wa magalimoto. Palibe anamwalira. Ofufuza anapeza kuti phula lopyapyala limene anapopera pamsewu wa ndegewo poukonza linauchititsa kuterera ukanyowa. Apa cholakwika chinali pansi, osati m'mwamba.

Pa 7 August 2020 ndege ya Air India Express ya mtundu wa Boeing 737 inkachokera ku Dubai ndi anthu 190, kupita ku Kozhikode ku India. Bwaloli lili pamwamba pa phiri, ndipo kumapeto kwa msewu kuli chiphedi. Kunali chimvula. Atalephera kutera koyamba, oyendetsa anazungulira n'kudzera mbali inayo, komwe mphepo inkachokera kumbuyo kwawo. Mphepo yotere imawonjeza liwiro la ndege poyerekeza ndi pansi. Anagunda pansi cha pakati pa msewu. Wothandizira anauza kaputeni kuti akwerenso m'mwamba, koma sizinatheke kumveka. Anthu 21 anamwalira, kuphatikizapo oyendetsa onse awiri.

Nanga akatswiri amachitapo chiyani?

Msewu wa ndege saumanga wathyathyathya. Pakati pamakhala potukuka pang'ono kuti madzi azitsikira m'mbali. M'mabwalo ambiri amadulanso timingalande topingasa msewu, takuya ndi kutambalala mamilimita pafupifupi 6, kuti madzi apeze kothawira tayala likawaponda. Amapalanso mphira umene matayala amasiya pamalo oterapo, chifukwa ukanyowa umaterera ngati sopo.

Ndege nazo zili ndi makina otchedwa anti-skid. Tayala likayamba kukhukhuluzika, makinawa amamasula buleki pang'ono n'kugwiranso, kangapo pa sekondi imodzi. Tayala lozungulira limagwira pansi bwino kuposa limene lakanirira. Komanso pa mvula oyendetsa amaphunzitsidwa kutera mogunditsa ndithu, kuti matayala aboole madzi n'kuyamba kuzungulira msanga. Ndiye mukadzamva "gu!" potera tsiku la mvula, musadzati woyendetsa ndi wophunzira kumene. Wachita dala.

Bungwe loona za maulendo a pandege pa dziko lonse, ICAO, limafuna kuti kumapeto kwa msewu kukhale malo opanda chopinga otalika mamita osachepera 90, ndipo limalimbikitsa mamita 240 pa misewu ikuluikulu. N'chifukwa chake malo ozungulira bwalo la ndege si omangapo nyumba, ngakhale azioneka ngati angogona. Kuyambira mu November 2021, ICAO inakhazikitsanso njira imodzi yofotokozera mmene msewu ulili, ndi manambala kuyambira 0 mpaka 6. Nambala 6 ndi msewu wouma, 5 ndi wonyowa chabe, 2 ndi wa madzi odikha opitirira mamilimita atatu. Woyendetsa amalandira nambalayi akadali m'mwamba n'kuwerengera ngati msewu ukwanire.

Chitetezo chachikulu koposa ndi kulolera kusatera. Ndege ikabwera ndi liwiro lopyola kapena ikapitirira malo oterapo, lamulo ndi kupatsa moto n'kukweranso, kenako kuyesanso kapena kupita ku bwalo lina. Okwera amadandaula kuti achedwa, koma afika. Wothandizira nayenso ali ndi mphamvu yolamula zimenezi, posatengera kuti kaputeni ndi wamkulu. Paja mutu umodzi susenza denga.

Fomyula yomweyo pa minibasi

Ambirife sitinakwerepo ndege, koma minibasi ya ku Chinsapo kapena ku Area 23 timakwera tsiku ndi tsiku. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pafupifupi 32 psi. Square root yake ndi 5.7, kuchulukitsa ndi 9 tipeza ma knot 51, omwe ndi makilomita pafupifupi 94 pa ola. Mpweya ukachepa, malirewo amatsika. Mizere ya pa tayala imagwira ntchito yofanana ndi timingalande ta pamsewu wa ndege, choncho tayala lakutha limayamba kuterereka msanga. Mukaona dalaivala kapena wa kabaza akuthamanga pa mvula ndi matayala osalala, muli ndi chifukwa chomveka chomupemphera mwaulemu kuti achepetse liwiro, kapena kutsika n'kudikira ina.

Tayesani izi

1. Ndege yolemera makilogalamu 50,000 ikutera pa mamita 65 pa sekondi. Pezani kinetic energy yake.
2. Mphepo yochokera kumbuyo yawonjeza mamita 5 pa sekondi pa liwirolo. Mphamvu yakwera ndi magawo angati pa 100 alionse?
3. Tayala la minibasi latsala ndi 25 psi. Liyamba kuyandama pa makilomita angati pa ola?
4. Fotokozani m'mawu anu chifukwa chimene mabuleki amafookera ma spoiler akapanda kudzuka.

Mayankho a mafunso atatu oyambirira ndi awa: majoule 105,625,000, magawo pafupifupi 16, makilomita pafupifupi 83 pa ola. Lachinayilo kakambiraneni pa gulu lanu, wina ajambule phiko ndi tayala pa bolodi n'kuonetsa mivi ya mphamvu zonse. Amene akhoze kufotokoza funso limeneli wamvetsa friction, ndipo ikadzabwera pa MSCE sidzamuvuta.