Phunziro: Mwayi Potola Nyemba Ndi Kuibwezera M'thumba

Ophunzira anga, lero ndabwera ndi nyemba za ku Angónia zimene ndagula pa msika wa Kwachena muno mu Tete. M'kathumba aka ndaikamo nyemba 10: zofiira 4, zoyera 6. Zonse n'zofanana kukula, kotero dzanja silingasankhe. Chimene tikuwerengera ndi mwayi, umene mabuku athu a Chipwitikizi amautcha probabilidade.

Wina atseke maso, apise dzanja. Mwayi wotola yofiira ndi 4/10, pakuti zofiira zilipo 4 mwa nyemba 10.

Tsono tcherani khutu, phunziro lagona apa. Nyemba ija taiona, taibwezera, tagwedeza thumba. Muli zingati? Zikadali 10, zofiira zikadali 4. Kutola koyamba sikunasinthe kanthu, ndiye kwachiwiri sikudalira koyamba. Mwayi ndi 4/10 womwe uja.

Pofuna mwayi wotola yofiira kawiri motsatizana, timachulukitsa:
4/10 × 4/10 = 16/100.

Bwanji osaphatikiza? Musaloweze pamtima chabe, onani chifukwa chake. Koyamba ingatuluke iliyonse mwa nyemba 10, ndipo pa iliyonse ya izo, kachiwiri ingatulukenso iliyonse mwa 10. Njira zonse ndi 10 × 10, ndiye 100. Zoti yofiira itsatane ndi yofiira ndi 4 × 4, ndiye 16.

Yofiira kenako yoyera: 4/10 × 6/10 = 24/100. Yoyera kenako yofiira ndi 24/100 yomweyo. Funso likangoti mitundu isiyane, osatchula woyamba, apo mpomwe timaphatikiza, n'kupeza 48/100. Zoyera zokhazokha ndi 36/100. Phatikizani 16, 48 ndi 36: zakwana 100, palibe njira yatsala.

Ambiri amaphonya pa mfundo iyi. Yofiira ikatuluka katatu, amati tsopano ndi nthawi ya yoyera. Ayi ndithu. Thumba silikumbukira zimene zatuluka. Mwayi wa yoyera ukadali 6/10.

Nanga mukanatola yofiira koyamba n'kuisunga m'manja? Zikanatsala 9, zofiira 3, ndipo mwayi wotola yofiira kawiri ukanakhala 4/10 × 3/9 = 12/90. Choncho musanalembe nambala iliyonse, fufuzani m'funsomo ngati akubwezera.

Ntchito ya kunyumba: ikani m'chikho nyemba zofiira 2 ndi zoyera 3. Pezani mwayi wotola yoyera katatu motsatizana, mukubwezera nthawi iliyonse.