Phunziro 17: Khola la Mbalame Zazing'ono

TIWERENGE

M'midzi mwathu ana amakonda kuweta mbalame. Amadula mapesi a mapira kapena bango, namanga kakhola kosaposa chipewa. Mbalame imakhalamo masiku atatu kapena anayi. Tsiku lina m'mawa timaipeza yafa. Mwana amalira, ife n'kumati mbalame yafa ndi chisoni. Koma kawirikawiri chimene chaipha ndi khola lopanikiza, utsi kapena ludzu.

Mbalame imene ambiri amaweta ndi ija pa Chipwitikizi amati xirico. Potchula timati shiriko. Ndi kambalame ka masentimita pafupifupi 12, kachikasu pachifuwa, koimba bwino. Akatswiri anakapatsa dzina lokumbutsa dziko lathu: Crithagra mozambica. M'zaka za m'ma 1980, wailesi imene inkamveka m'nyumba zambiri inkatchedwanso Xirico.

Kuthengo mbalame imadzifunira yokha chakudya, madzi ndi mthunzi. M'khola ilibe kothawira. Zonse imayembekeza kwa ife. Ngati sitingathe kuisamala tsiku ndi tsiku, tiisiye kuthengo. Tisagwire mbalame ndi ulimbo, pakuti ulimbo umaononga nthenga. Tisagwirenso mbalame pa nyengo yoikira mazira, pakuti ana ake adzafera m'chisa.

KUKULA KWA KHOLA

Tiyang'ane mmene shiriko amaulukira. Sakwera ndi mapazi ndi mlomo monga chinkhwe. Amauluka kuchoka pa nthambi iyi kupita pa nthambi iyo. Choncho khola lake likhale lalitali chopingasa. Khola lopita m'mwamba koma lopapatiza ndi ndende chabe.

Miyeso yabwino ya khola la mbalame ziwiri ndi iyi:
M'litali: masentimita 90.
M'lifupi: masentimita 45.
Msinkhu: masentimita 45.

Ngati tilibe choyezera, tiyeze ndi mkono. Kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala ndi masentimita pafupifupi 45. Tsono m'litali ndi mikono iwiri, m'lifupi mkono umodzi, msinkhu mkono umodzi.

Khola likhale la ngodya zinayi. M'khola lozungulira mbalame imasowa pobisala ikachita mantha. Ndiponso atambala awiri a shiriko amamenyana, makamaka pa nyengo yoswana. Tisawaike pamodzi.

ZOMANGIRA

Nsungwi yosalala ndi yabwino, ndipo sitigula. Waya ndi wabwinonso, koma asakhale wadzimbiri. Tisapake khola penti yakale, chifukwa mbalame imajompha ndipo penti ina ili ndi poizoni.

Mpata wa pakati pa ndodo usapitirire sentimita 1. Tiyese ndi chala chaching'ono. Chikalowa, mpatawo wakula: mbalame ikhoza kutulutsa mutu n'kukanirira, ndipo mbewa kapena kanjoka kakhoza kulowa.

Chitseko chikhale chongokwana dzanja, chotsekeka zolimba. Pansi tiikepo thabwa losololoka, ndi kuwazapo mchenga wouma.

M'KATI MWA KHOLA

Tiike timitengo toterapo tiwiri kapena titatu, tonenepa ngati pensulo, tina toposa pang'ono. Timitengo tosiyana timalimbitsa zala za mbalame. Kamodzi kakhale kumapeto uku, kena kumapeto uko. Pakati tisiye mpata woulukira.

Tiike timbale titatu: ka chakudya, ka madzi akumwa, ndi ka madzi osamba, kosazama. Timbale tisakhale pansi pa kamtengo, kuopa zitosi zingagweremo.

Chakudya ndi mawere, mchewere, mapira osinja pang'ono, njere za udzu ndi masamba obiriwira otsuka. Tionjeze zikamba za mazira ophika, zosinja. Mapeyala tisapatse mbalame, chifukwa amapha.

Tichenjere ndi mankhusu. Mbalame imasenda njere n'kusiya mankhusu m'mbale. Mbale imaoneka yodzaza, pamene chakudya chinatha kale. M'mawa uliwonse tiuzire mankhusu ndi kuthira njere zina. Kambalame kotere sikapirira njala ndi ludzu monga nkhuku.

MALO OIKA KHOLA

Khola tisaike m'nyumba yophikira. Utsi umene ife timangotsokomola nawo umapha mbalame msanga.

Tilipachike pakhonde, motsamira khoma, pamwamba posafika mphaka ndi makoswe. Pafike dzuwa la m'mawa, koma masana pakhale mthunzi. Kutentha kwa ku Tete m'miyezi ya 10 ndi 11 kukhoza kupha mbalame masana amodzi. Kumapiri a ku Angónia ndi ku Lichinga, m'miyezi ya 6 ndi 7 kumazizira kwambiri. Usiku tiphimbe khola ndi nsalu, koma tisiye polowera mpweya.

Khola likhale kutali ndi nkhuku ndi nkhunda, kuti matenda asafalikire. Madzi tisinthe tsiku lililonse. Mchenga tisinthe kawiri pa sabata. Tikatha ntchitoyi tisambe m'manja ndi sopo.

Ntchito imeneyi tigwire pamodzi ndi ana athu. Mwana amene waphunzira kuyeza khola ndi kukumbukira madzi a mbalame adzadziwanso kusamala mbuzi ndi ng'ombe.

TIKAMBIRANE

1. Kodi m'mudzi mwathu mbalame za m'khola zimakhala nthawi yaitali bwanji? Zimafa ndi chiyani?
2. Chifukwa chiyani khola liyenera kutalika chopingasa?
3. Ndi liti pamene kuli bwino kusiya mbalame kuthengo?

TIWERENGERE

1. Nsungwi yathu ndi ya masentimita 270. Tidulamo ndodo zingati za masentimita 90?
2. Tikufuna timitengo 3, kalikonse ka masentimita 45. Pamodzi ndi masentimita angati?

TILEMBE

kho-la, mba-la-me, nsu-ngwi, mthu-nzi, ma-nkhu-su

Mbalame ya m'khola imayembekeza kwa ife.
Madzi tisinthe tsiku lililonse.