Zitsulo zochirikiza maluwa: tizizule kapena zikhale chaka chonse?

FUNSO: Ndimakhala ku Lilongwe m'nyumba ya lendi, choncho maluwa anga ambiri ali m'miphika pakhonde. Nsungwi zomwe ndimachirikizira zomera zoyanga sizimaliza chaka, chiswe chimakhala chitadya. Ndaona zitsulo zokongola zopindapinda zimene ena amazika m'maluwa, ndipo ndikuzisirira. Kodi sizichita dzimbiri m'dzinja, kapena kuwotcha maluwa mu Okutobala? Nanga maluwa akauma, ndizizizula n'kusunga m'nyumba? Ndine mayi wa ku Area 25.

YANKHO: Mayi, musamazule. Chitsulo chopangidwa bwino chimaonetsa kukongola kwake nthawi yomweyo imene maluwa ayoyoka, mu Julayi ndi Ogasiti pamene pabwalo pali mbee. M'dzinja masamba amachikuta osaonekanso, ndiye mukachibisa m'nyumba nthawi ya chisanu mudzachiona liti? Komanso kuzula n'kuzikanso chaka ndi chaka kumadula mizu, makamaka mumphika momwe mizu imakhala yothithikana. Zikani chitsulocho tsiku lobzala, miyendo yake ifike pansi penipeni pa mphika, kenako thirani dothi n'kutsendera.

Za dzimbiri nkhawa yanu ndi yoona, koma dziwani pamene limayambira. Kumtunda kumene mvula imamenya chitsulo chimauma msanga dzuwa likatuluka. Chimadyeka m'munsi, pamalire a dothi ndi mpweya, pamene chinyezi sichichoka chifukwa mumathirira tsiku ndi tsiku ngakhale m'chilimwe. Pachiwiri ndi pamene wowotcherera analumikiza. Chitsulo chokutidwa ndi zinki, ngati malata a denga, chimapirira zaka zambiri, koma moto wowotcherera umapsereza zinkiyo pamfundo, ndiye pamenepo pafunika penti. Ngati ndi chitsulo wamba, chikwecheni ndi bulashi ya waya, pakani red oxide, ikauma pakani penti wa mafuta kawiri. Musanachizike, miyendo yolowa m'dothi ipakeni phula wakuda wa bitumen mpaka chikhatho chimodzi pamwamba pa dothi. Ntchitoyi muichite mu Seputembala, kukali kouma, mvula ya chizimalupsa isanagwe. Dzimbiri pang'ono silipha chomera. Chomwe limawononga ndi mphamvu ya mwendo, ndipo tsiku lina mphepo ikadzawomba mudzapeza chonse chagona.

Ine ndingakulangizeni kupita kwa wowotcherera wa kwanu komweko kusiyana n'kugula timawaya topyapyala ta m'sitolo. Muuzeni agwiritse ntchito chitsulo chamtima, osati paipi. Paipi imasunga madzi m'kati n'kumaola inu osaona. Miyendo ikhale ya mamilimita 10 kapena 12, monga Y10 kapena Y12 ya omanga nyumba, ndipo zokongoletsa zopindapinda zikhale za mamilimita 6, zomwe zimapindika mosavuta. Mumphika, miyendo itatu kapena inayi yokumana pamwamba ngati denga la nkhokwe imaima bwino kuposa chathyathyathya chonga makwerero. Mumuuzenso apinde nsonga zonse, chifukwa pakhonde pamasewera ana, ndipo inunso mumawerama pothirira.

Kutalika kwake kulingane ndi mphika. Mwa kuona kwanga, chitsulo chisapitirire kwambiri kawiri msinkhu wa mphikawo. Chikakutidwa ndi masamba chimagwira mphepo ngati thanga la bwato, ndipo mphika wapulasitiki wopepuka umagubuduka ndi mphepo ya mwera kapena kamvuluvulu. Wasimenti kapena wadothi ndiye wabwino.

Koma musanapite kwa wowotcherera, ganizirani chomwe chidzakwerepo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amayeza chitsulo ndi kambande komwe agula lero, osati ndi chomera cha zaka 3 zikubwerazo. Bougainvillea amakhwima kukhala mtengo weniweni, wolemera ndi waminga, ndipo sadzikulunga yekha, amafuna kumangidwa. Ameneyu mpatseni chitsulo champhamvu chozikidwa pansi, kapena muzimudulira kwambiri akakhala mumphika. Magalagadeya, nkhaka ndi zipwete zimagwira ndi timanja tating'ono topotana, tomwe sitingazungulire chitsulo chonenepa, choncho mangani zingwe za khonje pakati kuti zipeze pogwira. Nyemba zoyanga ndi nkhungudzu zimadzizengeza zokha ndi tsinde lonse. Nkhungudzu musaiderere, mayi. Maluwa ake ofiirira kapena oyera ndi okongola ngati ogula, ndipo pamapeto mumathyola ndiwo. Chitsulo chimodzi chomwecho chingasenze nyemba kuyambira Disembala, nsawawa zobiriwira mu Meyi ndi Juni pamene kwazizira, ndi tomato m'chilimwe ngati madzi alipo.

Kutentha kwa Okutobala kumavutadi nsonga zanthete zikakhudza chitsulo chakuda chomwe chakhala padzuwa. Masamba akachuluka vutoli limatha lokha, chifukwa amachipatsa mthunzi. Chomera chikadali chaching'ono, mangani mosiya mpata: tengani kansalu kong'amba kuchitenje chakale, kazungulizeni pachitsulo, kapingaseni pakati ngati nambala 8, kenako kazungulizeni patsinde mosathina. Waya musamangire, amacheka tsinde likamanenepa. Ngati khonde lanu limayang'ana kumadzulo, sankhani penti woyera kapena wobiriwira mowala m'malo mwa wakuda, kapena sunthirani mphika pamene dzuwa lamasana silifika.

Mbewu imodzi ikatha, chotsani zouma zonse ndi tinsalu takale, tsukani chitsulo ndi madzi a sopo, makamaka ngati tomato wanu anagwidwa ndi chiwawu kapena akangaude ofiira, omwe amabisala m'zinyalala zotere n'kudikira mbewu yatsopano. Mukathirako Jik pang'ono, tsukuluzani bwino ndi madzi oyera, pakuti amadya chitsulo. Ndipo poti muli pa lendi, musalole kuti wowotcherera achimatike kuchipupa kapena kuchizika ndi simenti. Chikhale choimirira chokha, kuti tsiku losamuka chidzakwere galimoto limodzi ndi mphika wake.