Phunziro la Mwezi Uno: Wophunzira wa ku Yunivesite Akafika mu Komboni

Chaka chilichonse, nyengo ya kafukufuku ikafika, timaona achinyamata onyamula mapepala a mafunso akuyenda m'tinjira ta ku Kanyama, Chawama ndi George. Amafunsa kumene banja limatunga madzi, kuya kwa chimbudzi chake, ndi ndiwo zimene labzala kuseri kwa nyumba. Ambiri a ife tinayankhapo mafunso otere, koma ndi ochepa amene tinamva zimene zinapezeka. Makolo athu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo amatinso mlendo ndi mame. Mawu onsewa ndi oona kwa wophunzira: amabwera ndi luso limene ife tilibe, koma mayeso akatha amachoka. M'phunziro lino tiona zimene tingachite kuti luso limeneli litsale pakati pathu.

Vuto limene maso saliona

Tiyambe ndi madzi, pakuti mlimi wa m'tauni sangachite kanthu popanda iwo. Mbali yaikulu ya Lusaka inamangidwa pa thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu ndi mapanga ambiri. Ku Kanyama madzi a pansi pa nthaka ali pafupi kwambiri, kotero kuti mvula ikalimba zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimalowa m'ming'alu imeneyi n'kukafika m'zitsime zosazama. Madzi otere amatha kuoneka oyera bwino pomwe ali ndi tizilombo.

Zotsatira zake tikuzidziwa. Kuyambira mu Okutobala 2017 mpaka mu Meyi 2018, anthu oposa 5,000 anadwala kolera mu Lusaka. Matendawa anabweranso mwamphamvu kumapeto kwa 2023, bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala, ndipo ana a sukulu anakhala pakhomo mpaka mu Febuluwale 2024. Tisaiwale kuti madzi a m'zitsime zomwezo ndi amene ena amathirira repu ndi kutsukira tomato wopita kumsika.

Apa ndi pamene wophunzira amathandiza. Iye angatenge madzi m'botolo loyera, n'kukawayeza ku labotale ngati muli tizilombo tochokera m'chimbudzi cha munthu. Koma sadziwa chitsime chimene chimasefukira mu Febuluwale, kapena chimene mabanja ambiri amathamangirako mpopi ukauma. Zimenezo amadziwa ndi amayi otunga madzi. Luso lake ndi chidziwitso chawo zikakumana, kafukufuku amakhala ndi phindu.

Chitsanzo cha ku Kalikiliki

Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, inayandikana ndi Kalingalinga, ndipo Mtendere sili patali. Mu 2013 yunivesiteyi inayambitsa maphunziro apamwamba a kakonzedwe ka mizinda, momwe ophunzira samangokhala m'kalasi koma amakagwira ntchito m'komboni. Limodzi la madera oyamba linali Kalikiliki, pafupi ndi Mtendere. Ntchitoyi inachitika mogwirizana ndi Khonsolo ya Mzinda wa Lusaka, bungwe la People's Process on Housing and Poverty in Zambia, ndi magulu a anthu a m'makomboni osunga ndalama pamodzi, omwe ambiri mwa iwo ndi amayi.

Njira ya magulu amenewa ndi yakuti eni dera amawerenga okha nyumba zawo ndi kulemba okha zimene zikuwavuta. Ophunzira amawonjezapo luso lojambula mapu ndi kusanja zimene zapezeka. Phindu lake n'lakuti anthu akapita ku khonsolo samangonena kuti madzi akutivuta, koma amaloza pa mapu pamene madzi amaima ndi nyumba zimene zimakhudzidwa. Lamulo la kakonzedwe ka mizinda ndi madera la mu 2015 limafuna kuti anthu azitenga nawo mbali pokonza mapulani a dera lawo, motero mapu otere ndi chida champhamvu m'manja mwawo.

Mfundo zinayi zogwirizana ntchito isanayambe

Choyamba, funso lichokere kwa eni dera. Wophunzira akumane ndi komiti ya chitukuko ya wadi ndi gulu la alimi asanalembe mutu wa kafukufuku wake. Mwachitsanzo, ku Kanyama kuli ntchito yopopa zimbudzi, ndipo zotsala zake amaziumitsa kuti zikhale manyowa. Kodi manyowa otere ndi abwino pa mitengo yokha, kapena angathiridwenso pa ndiwo zamasamba popanda ngozi? Limeneli ndi funso la alimi, ndipo labotale ingaliyankhe.

Chachiwiri, achinyamata a m'deralo ayende naye. Asangokhala olondolera njira, koma aphunzire kutenga madzi kapena dothi loyeza, kulemba manambala ndi kuwerenga mapu.

Chachitatu, ntchito ikwane nyengo yathunthu. Poyerekeza kompositi ndi feteleza, pafunika mabedi ofanana kukula, mbewu imodzi, tsiku limodzi lobzala ndi kathiriridwe kamodzi, kuti kusiyana kukhale pa chakudya cha nthaka chokha. Zokolola za bedi lililonse ziyezedwe pa sikelo n'kulembedwa m'kope. Ngati wophunzira achoka kukolola kusanathe, tigwirizane pachiyambi pomwe za munthu amene adzapitirize kulemba.

Chachinayi, zotsatira zibwerere kwa eni ake, m'Chinyanja, pa msonkhano wa anthu onse, ndipo mapu ndi pepala lachidule zitsale ndi komiti. Mayina a mabanja asalembedwe poyera. Chitsime chikapezeka ndi tizilombo, otungapo ndi achipatala cha m'deralo auzidwe tsiku lomwelo, kuti anthu ayambe kuwiritsa madzi, kuthira kolorini kapena kukatunga pa mpopi. Uthenga wotere sungadikire tsiku lolandira digiri.

Udindo wathu

Nafenso tili ndi mbali yathu. Wophunzira si wopereka thandizo; nthawi zambiri ndi mwana wa banja longa lathu, amene ngakhale ndalama ya basi imamuvuta. Tikamuyankha mokokomeza umphawi poganiza kuti kubwera mphatso, kapena tikabisa kuti timathirira ndi madzi a m'ngalande poopa manyazi, manambala ake adzakhala abodza, ndipo malangizo ochokera pamenepo adzatisocheretsa ife tomwe. Tinene zoona, tisunge nthawi imene tapangana, ndipo tisamale mabedi oyeserawo ngati athu.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi ndi ofufuza angati amene anafikapo m'dera lathu, ndipo ndi angati anabwerera kudzanena zimene anapeza?
2. Madzi amene timathirira ndiwo zathu amachokera kuti, ndipo chimbudzi chapafupi chili pa mtunda wotani?
3. Ndi achinyamata ati pakati pathu amene angayende ndi wophunzira ndi kusunga kope?

Ntchito ya mwezi uno

Gulu lililonse lilembe mafunso atatu a ulimi kapena a madzi amene likufuna kuti ayankhidwe, liwasanje kuyambira lofunika kwambiri, ndipo liwabweretse pa msonkhano wotsatira. Wophunzira akadzagogoda, adzatipeza tili ndi mafunso athu okonzeka kale.